Chitini cha Mazira a Ziwala

Dzina lawo lenileni linalembedwa pa chiphaso, ndipo pomwepo ndi pamene linatsalira. Anthu onse, ngakhale mkazi wawo akapsa mtima, ankawatchula kuti a Mapazi, chifukwa ntchito yawo inali ya mapazi. Bungwe la alimi linawalemba ntchito yowerenga ziwala m'minda, ndipo anaigwira zaka makumi awiri ndi zitatu. Musaseke. Ambiri ankaseka, mpaka chaka chimene ziwala zinadya mpendadzuwa wa dera lonse n'kusiya mapesi okhaokha. Kuyambira pamenepo, osekawo ndi amene ankawaimitsa pamsewu, chipewa chili m'manja, n'kumafunsa kuti, "Nanga chaka chino zikuoneka bwanji, a Mapazi?"

Kawerengedwe kake kanali kotere. Ankadikira kuti mame aume, pakuti chiwala chozizidwa sichidumpha, ndipo wowerenga m'mamawa amabwera ndi bodza. Akalowa m'mphepete mwa munda, ankadula ndi maso kamalo kofanana ndi chitseko chogonekedwa pansi, n'kuyenda mwakachetechete kulunjika pamenepo, akuwerenga chilichonse chodumpha kuchoka m'kamaloko. Kenako mapazi makumi awiri, n'kudulanso kamalo kena. Ankatero kamakumi awiri pa munda umodzi, n'kulemba m'kabuku ndi pensulo yomangirira chingwe: zamapiko pazokha, zopanda mapiko pazokha. Ankakonda kunena kuti chiwala chamapiko ndi mlandu wotha kale. Chofunika ndi tiana take, tikadali tating'ono ngati nyerere, titaunjikana pamene taswera. Ukatipeza pamenepo, pampu imodzi ya mankhwala imakwana. Ukachedwa masabata awiri, ngakhale ubwere ndi mgolo, ukungotsuka munda.

Koma luso lawo lenileni, limene sanaphunzire kwa munthu, linali la zitini. Nthawi ya chilimwe ankayenda ndi kakhasu ndi sefa, n'kumakumba pamalo ouma, opanda udzu, pamene ziwala zimakonda kuikira. Mazirawo amakhala m'timatumba tadothi totalika ngati theka la ndudu. Ukathyola kamodzi, m'kati muli tinthu tonga mpunga titandandalikana. A Mapazi ankatenga timatumba tingapo pamodzi ndi dothi lake, n'kuika m'chitini cha mkaka chobowola pansi, kukamwa n'kumangako kansalu ka neti. Kunsi kwa chitini ankalemba ndi msomali dzina la malo ndi tsiku. Zitinizo ankazindanda pa kakhoma ka khonde, pamene dzuwa ndi mvula zinkafika monga zimafikira kumunda. Tsiku limene chitini chaswa, ankadziwa kuti kumalo kuja nakonso kwaswa, ndipo ankanyamuka osamwa n'tiyi yemwe. Mkazi wawo ankadandaula kuti akazi anzake ali ndi maluwa pakhonde, iwo ali ndi khola la ziwala, koma ankasesa mozungulira zitinizo osasuntha ngakhale chimodzi.

Nsanje inalowa m'nyumbamo pa njinga yamoto.

Mkazi wawo anali ndi mchimwene wawo wamng'ono, chitsiriza m'banja lakwawo. Mnyamatayo anakhala pakhomo pa a Mapazi zaka zinayi akuphunzira sekondale, ndipo mayeso ake omaliza anakalemba atavala nsapato za a Mapazi, zothiramo mapepala kuphazi kuti zisavuke. Anapita ku koleji ya zaulimi, nabwerako ndi satifiketi ndi kandevu. Chaka chomwecho bungwe linagula njinga yamoto yofiira ndi foni yotumizira manambala ku ofesi. A Mapazi anali atapempha njinga, yakapalasa chabe, kwa zaka khumi ndi chimodzi. Yamotoyo inapatsidwa kwa mlamu wawoyo, amene bungwe linali litangomulemba ntchito, pamodzi ndi theka la dera, mbali yonse ya kum'mawa kwa msewu.

Tinene zoona, mlamuyo sanali munthu woipa, ndipo chimenecho ndiye chinkawawa kwambiri. Akanakhala wamwano, a Mapazi akanapeza pogwira. Koma iye akakumana nawo pamsewu ankazimitsa njinga, kuvula chisoti, n'kupereka moni wa manja awiri. A Mapazi ankayankha bwinobwino, maso ali pa thanki yonyezimirayo. Phokoso la njingayo ankalizindikira ikadali kutsidya kwa mlatho. Tsiku lina mlamu ataisiya pakhomo n'kulowa m'nyumba kukalonjera mlongo wake, iwo anayang'ana uku ndi uku, n'kuika chikhatho pa mpando wake. Unali wofunda ndi dzuwa, wofewa. Anachotsa dzanja msanga ngati agwira mbaula.

Kumsonkhano wa pachaka wa bungwe, wapampando anaimiritsa mlamu n'kumuyamikira kuti manambala tsopano akufika ku ofesi tsiku lomwelo, osati pakutha pa sabata m'kabuku konyowa ndi thukuta. Kenako, pofuna kuseketsa anthu, anati, "A Mapazi, musakhumudwe, koma paja amati tsabola wakale sawawa." Holo yonse inaseka. A Mapazi nawo anaseka, anaombanso m'manja kuposa onse, mpaka zikhatho zinawawa. Atafika kunyumba anapeza mkazi wawo akuuza mnansi pampanda kuti, "Mchimwene wanga uja, mwamva? Amuyamikira pamaso pa anthu." Zaka makumi awiri ndi zitatu, mayiwo anali asanaimepo pampanda kunena za mapazi a mwamuna wawo. Mwina ankanena iwo kulibe. Koma munthu wansanje sawerengera zimene sanamve.

Tsopano mumve za nyemba, chifukwa nkhani yagona pamenepo. Mkazi wa a Mapazi anali ndi mbewu ya nyemba imene anasiyiridwa ndi malemu mayi awo: zofiirira, za mawanga oyera, zopsa msanga, zimene simukanazipeza pamsika uliwonse. Zaka ziwiri zotsatizana zinavuta, china ng'amba, china anankafumbwe, ndipo zinatsala zodzadza mbale ziwiri zokha, m'kathumba kansalu kamene ankasunga m'sutikesi pamodzi ndi zovala za kutchalitchi. Anazikaniza ngakhale kwa mwana wawo. "Izi si ndiwo," ankatero, "awa ndi amayi anga." Munda wake unalinso wa malemuwo, kum'mawa kwa msewu, kumunsi kwa uvuni wakale wa njerwa. Ndiye kuti m'dera la mlamu.

Chilimwe chimenecho miyendo inawatengera a Mapazi ku uvuni kuja mwachizolowezi, ngakhale sikunalinso kwawo. Pamalopo panali zidutswa za njerwa ndi dothi lofiira, lolimba, lopanda udzu. Anagwetsa kakhasu kamodzi: timatumba tinayi. Kachiwiri: tisanu ndi kamodzi. Anasuntha mapazi khumi n'kukumbanso, chimodzimodzi. Chiyambire ntchito anali asanaonepo mazira ochuluka chotero. Mtima unagunda, poyamba ndi mantha a mlimi, kenako ndi chinthu china chotsekemera chimene sanafune kuchitchula dzina. Ankadziwa kuti foni ya mlamu ili ndi malo ake oimapo, onse a m'mbali mwa msewu, ofikika pa njinga. Uvuni sunali pa mndandandawo.

Anadzadza chitini n'kuchiponya m'chikwama. Pobwerera, njinga ija inawapeza.

"Alamu, kwerani ndikakutuleni, dzuwa ili si la munthu," anatero mlamu atavula chisoti.

"Tinazolowera ife. Mapazi safuna petulo."

"Mwachokera chakumtundaku? Mwaonako kanthu?"

Chitini chinkawagunda m'nthiti. Akanangotsegula chikwama, nkhani ikanathera pomwepo: anthu anayi ndi makasu, kutembenuza dothi lija kuti mazira apse ndi dzuwa, basi.

"Dera ndi lanu ili, abwana alamu," anatero a Mapazi. "Foni yanu sinakuuzeni kanthu?"

Mlamu anaseka, poganiza kuti ndi nthabwala za pachilamu, n'kuliza njinga.

Musaganize kuti a Mapazi anafuna kuti nyemba za mkazi wawo zidyedwe. Ayi ndithu, iwo anali ndi pulani, ndipo inkaoneka yaukhondo. Chitini chikaswa, adzadziwa kuti ku uvuni kwaswa. Tiana tongoswa kumene sitipita patali. Masiku atatu oyamba timangounjikana pomwepo. Iwo adzavala malaya a kumsonkhano, adzapita ku ofesi, adzatenga wapampando yemwe uja n'kukamuonetsa dothi likuyenda, m'dera la mwini njinga, mwini wake osadziwa kanthu. Kenako adzasenza pampu okha n'kumaliza zonse dzuwa lisanapendeke. Nyemba sizidzakhudzidwa ngakhale tsamba. Anthu adzaona ngati tsabola wakale sawawadi.

Vuto linali limodzi: chitinicho sichikanakhala pakhonde. Mkazi wawo ankadziwa kuwerenga, ndipo mlamu akabwera ankakonda kunyamula zitini n'kumafunsa mafunso. Choncho anakachibisa kuseri kwa khola la nkhuku, pansi pa nthochi, n'kuchitchinga ndi beseni lothyoka. Koma asanatero anatenga msomali n'kulemba kunsi kwake: Uvuni, ndi tsiku. Sanaganize n'komwe. Dzanja la zaka makumi awiri ndi zitatu silifunsa mwini wake.

Mvula inagwa. Mkazi wawo anadzala nyemba zija okha, osalola waganyu, phando lililonse ziwiriziwiri. Zinamera bwino, mizere yobiriwira ngati yojambula. Zitangotulutsa masamba achiwiri, kunabwera foni kuchokera kutauni: mwana wawo wamkazi wachira kudzera pa opaleshoni, akufunika womudikirira.

"Bambo a ana," anatero mayiwo akumanga katundu, "muzikandionera nyemba zanga."

"Dera limenelo lili ndi mwini wake, wa njinga yamoto."

"Ine sindikutuma dera. Ndikutuma inu."

"Chabwino, ndamva."

Sanapiteko. Ankaopa kuti wina angawaone chakumeneko n'kudzanena pambuyo pake kuti a Mapazi ankadziwa kale. Komanso ankati apitirenji, pamene uvuni wonse ali nawo kuseri kwa khola? M'mawa uliwonse, popatsa nkhuku madeya, ankasuzumira pansi pa beseni. Zii. Zitini za pakhonde zinayamba kuswa, china Lolemba, ziwiri Lachitatu, ndipo iwo anathamanga m'dera lawo ndi pampu, n'kugwira ntchito yoyamikika imene panalibe woiyamikira. Cha ku uvuni chili phee. Munthu wa luso lawo akanayenera kudabwa pamenepo. Iwo anangodziuza kuti mazira a kumeneko anaikiridwa mochedwa. Nsanje imatha kumusandutsa katswiri kukhala mbuli, iye akudziona ngati wachenjera kuposa kale.

Chitini cha ku uvuni chinaswa patapita masiku khumi ndi limodzi chiswereni zinzake. Kansalu ka neti kanada bii ndi tiana. A Mapazi anasita malaya a kumsonkhano, anapukuta nsapato, ndipo ananyamuka akuimba kamluzu. Anati adzere kaye ku uvuni kuti akaone poimika wapampando.

Pa uvuni panalibe kanthu. Timabowo tokhatokha m'dothi, ndi tizikopa touma timene tiana timavula tikamakula. Anatola kamodzi, n'kuona kukula kwake: sikanali ka tiana ta dzulo. Anagwira pansi ndi chikhatho. Dothi la njerwalo linali lotentha ngati chiwaya, nthawi isanakwane n'komwe teni koloko. Pomwepo anakumbukira kuseri kwa khola: mthunzi wa nthochi, chinyezi, beseni pamwamba. Dzira la chiwala limaswa ndi kutentha. Chinthu chimene iwo eni ankaphunzitsa alimi chaka ndi chaka! Chitini chawo chinagona pozizira n'kuchedwa, pamene uvuni unaswa kalekale, mwina zitini za pakhonde zisanayambe n'komwe.

Anatsetsereka kumunda akuthamanga, malaya ositawo akukodwa m'zitsamba. Atafika m'mphepete anaima, ndipo mwachizolowezi maso anadula kamalo kofanana ndi chitseko. Anaponda phazi limodzi. Pansi ponse panadumpha. Anawerenga mpaka makumi anayi n'kusokonezeka, koyamba m'moyo wawo. Mizere ija inalipo ndithu, yowongoka bwino, koma inali mizere ya timitengo. Panalibe tsamba, panalibe nsonga yoti n'kuphukiranso. Chimanga cha eni minda yoyandikana chinangolumidwa m'mbalimbali, pakuti chiwala nacho chimadziwa chofewa. Amati choipa chitsata mwini. Ichi chinamudutsa mwini wake ali chiimire ndi malaya osita, n'kukagwera mayi amene anali kuchipatala akuchapa matewera a mdzukulu.

Anapoperabe mankhwala tsiku lonse, iwo ndi mlamu ndi anthu ena asanu ndi mmodzi, ndipo minda ina inapulumuka. Wapampando anabwera yekha, osachita kukatengedwa, ndipo anamukalipira mlamu pamaso pa anthu, mawu ake omwe aja amene a Mapazi anakhala akuwalota miyezi itatu. Anawamva onse bwinobwino. Sanakome.

Mkazi wawo anabwera Loweruka. Anatula katundu, anamwa madzi, anapita kumunda okha. Atabwerako sanalire, sanafunse kanthu. Anasintha nsalu n'kuyamba ntchito zapakhomo ngati munthu amene sanachokepo: anasesa, anatsuka mbale zimene bambo anaunjika masabata awiri, kenako anatenga madeya n'kuzungulira kuseri kwa khola. Kumeneko anakhalitsako. A Mapazi ali pampando pabalaza anamva beseni likugwa, ndipo anakumbukira kuti m'chipwirikiti chonse chija chitini sanachichotse.

Nthawi yomweyo mlamu analowa pachipata, njinga akuikankha, osaikwera. Anaiimika pakhonde pafupi ndi zitini, analowa m'nyumba, ndipo mlongo wake atatulukira pakhomo la kukhitchini, mnyamatayo anagwada pansi, kandevu konse kaja.

"Achemwali, ndakuphetsani mbewu ya amayi. Ndinkangoima pamsewu ngati wolondera basi. Ndilibe mawu." Kenako anatembenukira kwa a Mapazi n'kuika kiyi patebulo. "Alamu, ndauza a ku ofesi kuti dera lonse libwerere kwa inu, ndi njinga yomwe. Avomera. Ine ndiziyenda pambuyo panu mpaka ndidziwe ntchito. Mukanakhala inu, izi sizikanachitika."

Kiyiyo inali ndi kachingwe kofiira. A Mapazi anaiyang'ana. Zaka khumi ndi chimodzi akupempha yakapalasa, lero yamoto yabwera yokha mpaka patebulo, ndipo dzanja linakana kutambasuka.

"Dzuka, iwe," anatero mayiwo kwa mchimwene wawo. "Si iwe unaikira mazirawo."

Anabwerera kukhitchini. Kunamveka madzi akukhuthulidwa, ndi chinthu chikukwechedwa ndi mchenga. Atatulukanso anali ndi chitini chija m'manja, chotsukidwa mbee, ndi kathumba kansalu ka m'sutikesi. Anaima pakati pa amuna awiriwo, msana atalozetsa kwa mchimwene wawo, n'kupendeketsa chitinicho pang'ono, mokwanira kuti mwamuna wawo yekha aone kunsi kwake. Uvuni, ndi tsiku la m'chilimwe, mvula isanagwe, nyemba zikadali m'sutikesi. Anawasiya awerenge mpaka amalize. Kenako anachiimika patebulo pambali pa kiyi, anatembenuza kathumba n'kukakung'untha. M'makona mwake munagwa nyemba zotsalira, zikulira m'chitini imodziimodzi. Zinali khumi ndi zinayi; a Mapazi sakanatha kuleka kuwerenga.

"Bambo a ana," anatero mayiwo ndi mawu a masiku onse, "inu ndinu odziwa kusunga zinthu m'zitini. Ndisungireni izi. Koma ulendo uno muike poonekera."

"Zoonadi, alamu ndiye akatswiri," anavomereza mlamu akupukuta m'maso.

Papita zaka zitatu. Nyemba khumi ndi zinayi zija mayiwo anazidzala kuseri kwa khitchini, pamene amaziona ali pa sinki, ndipo chaka chino zafika theka la chitini. Kwa mchimwene wawo sananene kanthu, ndipo kwa mwamuna wawo sanabwerezenso. Amawaphikira, amawachapira, akadwala amawaperekeza kuchipatala. Koma akamachoka pakhomo, makiyi a nyumba ndi nkhuku amasiyira mnansi wa pampanda uja.

Njinga a Mapazi anaikwera kawiri, n'kunena kuti imathamangitsa ziwala asanaziwerenge. Anaibweza kwa mlamu, amene masiku ano amaisiya pamsewu n'kulowa m'tchire ndi kakhasu ndi sefa, ndipo amauza aliyense kuti zonse anaphunzira kwa alamu ake. Kumsonkhano wapitawu anaimirira n'kupempha kuti holo yonse iwaombere m'manja a Mapazi. Anthu anaomba nthawi yaitali. Mkazi wawo anali pa benchi yachitatu, manja ali pamiyendo.

Chitinicho chimakhala pa shelefu ya pabalaza, pamwamba pa wailesi, moyang'anizana ndi mpando wa bambo. Mlamu akabwera kudzacheza amakonda kuchitsitsa n'kuchigwedeza pafupi ndi khutu, kuti amve ngati mbewu ya amayi ake ikuchuluka. Mpaka lero sanachitembenuzepo. Nthawi yonse imene chili m'manja mwake, tiyi wa a Mapazi amangozizira m'kapu, maso awo ali pa zala za mlamuyo.